Mutu 4: Fupa pakhosi pa Guerda

1. Nkhanu m'chikwama

Lachisanu limenelo ana a kalasi lachinayi analowa m'kalasi akuyang'anana pakamwa. Pasukulu yathu ya ku Bainet kuyang'anana pakamwa kunali kwa tsiku ndi tsiku, koma sabata imeneyo kunanyanya. Tsiku la Mbendera linali litayandikira, ndipo aphunzitsi a Dorvil anali atalengeza kuti mwana aliyense amene belu lomaliza limupeze ndi fupa pakhosi aiwale zoguba nawo mumsewu.

Fupalo linali la ng'ombe, loboola pakati, ndipo chingwe chake chinali chitada ndi thukuta la makosi ambiri. Linkakhala m'dirowa ya tebulo la aphunzitsi. M'mawa a Dorvil ankalitulutsa n'kuveka mwana woyamba amene amumve akulankhula Chikiliyo, chilankhulo chathu cha pakhomo, m'malo mwa Chifalansa cha m'mabuku. Wovekedwayo ankayenda nalo mpaka atamva mnzake wa m'kalasi akulakwitsa chimodzimodzi, n'kumuveka iyeyo. Amene belu lomaliza lamupeza nalo ankalandira zikoti m'manja, kenako n'kuuzidwa kuti abwere ndi kholo.

Chifalansacho ana ankachidziwa ngati nyimbo ya kutchalitchi. Kuimba ankaimba ndithu, koma woti n'kupempha nacho madzi akumwa anali wosowa. Ambiri anangosankha kutseka pakamwa. Munthu wodutsa pamsewu akanati sukuluyi ili ndi ana ofatsa kuposa onse m'dziko la Haiti, pomwe anali mantha basi.

Pa ana onsewo, amene anali ndi zambiri zotaya anali Guerda. Mtsikanayu anali wamtali, wamawu omveka kutali, ndipo ndi iye amene anasankhidwa kudzanyamula mbendera kutsogolo kwa kalasi lonse. Amayi ake, a Philomise, omwe ankagulitsa mchere pamsika, anali atamusokera kale diresi yoyera. Msika wonse unali utaimva nkhaniyi, ngakhale anthu amene sanafunse.

M'mawa umenewo, ana ali pamzere woonetsa zikhadabo ndi makutu, fupa linagwera Wisnel, mnyamata wamfupi wa pabenchi la kumbuyo kwa Guerda. Mlandu wake unali wokuwira mng'ono wake kuti amange nsapato. Wisnel sanadandaule. Fupalo anali atalizolowera, ndipo sizinachitikepo kuti belu lomaliza limupeze nalo.

Phunziro loyamba linali la nyengo zinayi za chaka. Aphunzitsi ankawerenga mzere, ana n'kubwereza pamodzi mokuwa, za matalala oyera ogwa padenga ndi za ana ootha moto m'nyumba, uku thukuta likuyenderera m'misana mwawo. Atamaliza anauzidwa kuti atulutse masileti. Guerda anapisa dzanja m'chikwama, ndipo kankhanu kamene Wisnel anaikamo kanamupana chala.

"Mayo ine, chandiluma!" anakuwa Guerda, m'Chikiliyo chosabisika, chomveka mpaka kalasi lachisanu.

Kalasi lonse linafa nalo phwete. Wisnel anadzuka mosafulumira, akuvula chingwe. Wovala fupa analibe choopa, ankatha kulankhula chilichonse, ndipo Wisnel sanafune kuti mwayi umenewu umudutse.

"Landira mkanda wako, mfumukazi ya mbendera," ananong'ona chingwe chisanachoke m'manja mwake. "Udzayenerana bwino ndi diresi yoyera ija."

2. Munda wa khofi

Guerda anaimirira n'kuyesa kudandaula m'Chifalansa, koma dzina la nkhanu m'chilankhulocho sanalidziwe. Anangokweza chala chofiiracho. Aphunzitsi analamula Wisnel kuti akataye nkhanuyo kunja ndipo anamukoka khutu podutsa, koma fupa sanalichotse pakhosi pa Guerda.

A Dorvil sanali munthu woipa. Anali woonda, wa tayi imodzi yomweyo chaka chonse, ndipo choko ankagula ndi ndalama za m'thumba mwawo. Akafuna kuti ana amvetsedi, iwonso ankathawira ku Chikiliyo, koma palibe mwana amene analotako zowaveka fupa.

"Khala pansi, Guerda. Nonsenu tcherani khutu," anatero. "Mukuganiza kuti fupali ndimalikonda? Ine ndinabadwira kumapiri ngati ena a inu. Bambo anga anali ndi munda wa khofi. Wina anaufuna, nkhani inapita kukhoti. Kumeneko anthu analankhula Chifalansa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, bambo anga akungogwedeza mutu ngati akumva. Atatuluka anafunsa munthu wina pakhomo kuti mlandu udzapitirira liti. Munthuyo anawauza kuti mlandu watha kale, munda wapita. Ine ndinali pambali pawo, nditawagwirira chipewa.

"Ndiye mukandiona ndikulimbana ndi malilime anuwo, dziwani kuti sindikufuna kuti mudzagwedeze mutu pamene anthu akukudyerani masuku pamutu. Mayeso a boma sadzabwera m'chilankhulo cha pamsika. Dokotala sadzakulemberani mankhwala m'chilankhulo cha pamsika. Nkhanu si chifukwa. Munthu wophunzira, ngakhale moto umutenthe, amalira m'Chifalansa. Guerda, belu lomaliza likakupeza nalo, mbendera anyamula wina. Lamulo silisankha nkhope."

Atatero anabwerera ku Chifalansa ndi ku masamu. Kalasi linayamba kuimba masamu ochulukitsa, mapazi akuomba pansi. Guerda sanaimbe nawo. Makutu ake anali kumanja, kumanzere ndi kumbuyo, kufunafuna liwu limodzi lopulumuka pakamwa pa wina. Sankakhazikika, ndipo akatembenuka fupalo linkamugunda pachifuwa.

Pabenchi limenelo ankakhala ndi mnzake Dieula. Dieula anatsika kumapiri chaka chomwecho kudzakhala ndi azakhali ake m'tauni. Kumeneko ankatunga madzi, kuchapa ndi kulera ana, ndipo azakhaliwo anamulola kupita kusukulu chifukwa choti bambo ake anachita kuwagwadira. Koma anamuuziratu kuti tsiku limene adzaitanidwe kusukulu, n'kusiya malonda awo chifukwa cha iye, adzamubweza kumapiri. Dieula anauza Guerda yekha zimenezi, tsiku lina poweruka, ndipo Guerda analumbira kuti sadzauza munthu.

N'chifukwa chake m'kalasi Dieula sankatulutsa mawu. Pobwereza ankangogwedeza milomo. Masamu okha ndi amene ankawakhoza kuposa aliyense pamzere wawo, chifukwa manambala safuna lilime. Tsiku limenelo ataona kuti pasileti ya Guerda palibe kanthu, anapendeketsa yake pang'ono kuti mnzake aonere.

3. Kusaka

Belu lopuma litalira, Guerda anatuluka patsogolo pa onse. Anayamba ndi atsikana amene ankasewera phada wa timafupa ta mbuzi pakhonde. Atangoona mthunzi wake anatola timafupa tawo n'kubalalika, aliyense atagwira pakamwa. Anakabisala kuseri kwa chimbudzi, kumene anyamata ankakonda kunong'onezana, koma anangomvako ntchentche. Anaponda dala phazi la mnyamata wina wolongolola. Mnyamatayo analuma mlomo, misozi inalengeza m'maso, koma ngakhale "mayo" sanatulutse.

Kenako anayesa nyambo. M'thumba mwake munali switi ya mtedza imene amayi ake anamupatsa m'mawa. Anapita nayo kwa Jodel, mnyamata amene mimba yake inkaganiza mofulumira kuposa mutu, n'kumuuza kuti amupatsa akangotchula dzina la chimene chili m'manjamo. Jodel anaiyang'ana switiyo, anayang'ana fupa, anatsomphola switi n'kuthawa akutafuna. Guerda anatsala chilili, alibe switi, fupa lili pomwepo.

Wisnel ankamutsata patali atatupitsa masaya, akuloza milomo yake yotseka. Guerda anamuthamangitsa kuzungulira bwalo, anamugwira shati, anamutchula mayina onse amene anthu amatchulira bulu wokana katundu. Wisnel anangowerama mwaulemu n'kuthokoza m'Chifalansa.

Atabwerera m'kalasi, ana amene aphunzitsi anawaloza anawerenga buku mmodzimmodzi, aliyense ndime yake. Guerda, yemwe masiku onse ankawerenga ngati madzi, anapunthwa pamzere woyamba n'kulumpha wachiwiri. Aphunzitsi anamuuza kuti akhale pansi. Palibe amene anaseka, chifukwa kuseka kumatsegula pakamwa.

Masana ana anafola ndi mbale zawo pakhitchini, pomwe mayi Célimène ankagawa mpunga wa nyemba. Mayiwa anali ataphikira sukuluyi kuyambira makolo a anawa ali ophunzira, ndipo ankalankhula Chikiliyo ndi aliyense, ngakhale ndi ahedi. Guerda anafika komalizira, maso ali uku ndi uku. Mayi Célimène anamuikira chakudya koma mbale sanaisiye.

"Mwana wa Philomise, maso akowo sindikuwakonda," anatero. "Akuyenda ngati a mphaka ali pakhola la anapiye. Tamvera kuno. Fupa limenelo ndaliona pa makosi ambiri, ena mwa eni ake lero ndi azibambo a ndevu. Chifalansa chimene lawaphunzitsa sindikuchidziwa, ine kusukulu ndinangofika pakhitchini pano. Chimene ndimaona ine ndi ichi. Mwana akalivala m'mawa amalira. Pofika masana wayamba kusaka, ndipo sasaka ochenjera ayi. Ochenjera amadziwa kuthawa. Amasaka amene amamukhulupirira, chifukwa ndi yekhayo amene sathawa.

"Zikoti zimawawa tsiku limodzi. Mbendera ibweranso chaka chamawa, sinalekepo kubwera. Amayi ako adzalalata pamsika, mawa lake adzagulitsa mchere ngati kale. Koma ukamuchita chipongwe munthu amene amakusekerera, udzakumana naye moyo wako wonse, ndipo tauni inoyi ili ndi msewu umodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ngati wina walakwitsa yekha, muveke, ndi lamulo la aphunzitsi ako. Ngati palibe, weruka nalo wekha fupalo, sudzafa. Wandimva?"

Guerda anati wamva. Koma pa zonsezo anatolapo chinthu chimodzi chokha, chakuti pali munthu amene sathawa.

4. Pakhomo pa Dieula

Dieula ankadya kuseri kwa kalasi, pansi pa mtengo wa mango. Pamenepo ankasesapo ndi nthambi tsiku lililonse, ndipo anaikapo miyala iwiri yokhalira, wina wake, wina wa Guerda. Ankapatchula kuti pakhomo pake.

Kwathu munthu safika pakhomo pa mnzake mwachinunu. Amaima poteropo n'kunena kuti "Onè," ndipo mwini khomo amayankha kuti "Respè." Ana a m'tauni ayamba kuuiwala mwambowu, koma kumapiri mwana amaphunzira kuyankha asanaphunzire kudya yekha. Kusayankha n'kutukwana. Masiku onse Guerda ankangofika n'kukhala pamwala wake, chifukwa pasukulu mawu awiriwo anali Chikiliyo ngati ena onse.

Fupa silinkasamuka popanda mboni. Guerda anakodola Wisnel ndi atsikana awiri kuti aime pangodya ya kalasi. Anazengereza kanthawi. Ankadziwa zonse, za azakhali, za mapiri ndi za bambo amene anagwada. Koma ankadziwanso kuti amayi ake adzaima m'mbali mwa msewu ndi anzawo a pamsika, kufunafuna mwana wawo kutsogolo kwa mzere. Mantha a zimenezi anaposa chisoni.

Anaima kunja kwa malo osesawo n'kulankhula ndi mawu ofewa, a mlendo wabwino.

"Onè."

"Respè," anayankha Dieula asanaganize n'komwe. Anadzutsa mutu akumwetulira, n'kupukuta mwala wa mnzake ndi dzanja. M'dzanja linalo munali chibenthu cha peyala chimene anamusungira.

Kumwetulirako kunatha ataona ana atatu akutulukira pangodya. Wisnel anayamba kuomba m'manja, kenako anasiya, chifukwa palibe amene anamutsatira. Guerda anavula chingwe. Dieula sanathawe ndipo sanakane. Anaika peyala pamwala n'kuweramitsa mutu monga ankachitira akamasenzedwa ndowa, ndipo Guerda anamuveka.

Khosi la Guerda linapepuka, koma chakudya chinamukanika. Anakachikhuthulira agalu kuseri kwa mpanda. Pobweza mbale anazungulira kutali kuti asakumane maso ndi mayi Célimène.

5. Lembetso

Atadya kunali lembetso. A Dorvil ataona fupa pakhosi pa Dieula anakweza nsidze, chifukwa mawu a mwanayu anali asanawamvepo. Anayamba kuyendayenda pakati pa mabenchi akutchula mawu pang'onopang'ono, ana atawerama pa masileti.

Guerda ankayembekeza kuti Dieula nayenso asaka. Nthawi inalipo. Pafupi ndi zenera panali anyamata awiri amene ankanong'onezana nthawi zonse lembetso likavuta, ndipo anali atayambapo kale. Guerda anamugunda mnzake ndi chigongono n'kumulozera ndi maso. Dieula anapitiriza kulemba zilembo zake zikuluzikulu zopendekera, osatembenuka.

Dzuwa linafika patebulo la aphunzitsi, chizindikiro choti belu lili pafupi. Guerda analemba mawu n'kufufuta, kulembanso n'kufufutanso, mpaka choko chinathyoka. Aphunzitsi atafika kumapeto kwa kalasi, Guerda anaweramira kwa mnzake.

"Pepa, Dieula. Sindinafune."

Mawuwo anatuluka m'Chikiliyo, ndipo Guerda anazindikira atawanena kale. Wisnel, amene anali ndi makutu a khoswe, anawamva. Anayamba kugunda benchi lawo ndi phazi, akumulozera Dieula kuti avule msanga. Mboni inalipo, ndipo lamulo linali kumbali ya Dieula.

Dieula anagwira chingwe. Anatembenuka n'kumuyang'ana Guerda nthawi yaitali. Guerda anatseka maso n'kudikira, koma palibe chimene chinafika pakhosi pake. Atatsegula maso anapeza Dieula atalowetsa fupalo mkati mwa yunifolomu kuti lisamagunde sileti, akulemba mawu otsatira.

"Unafuna," anatero Dieula motsitsa mawu, maso ali pasileti. "Koma amayi ako anasoka kale diresi."

Guerda akanatha kuimika dzanja nthawi yomweyo n'kudziulula yekha. Dzanjalo linakhala pabenchi mpaka belu linalira.

Dieula anapita kutsogolo asanaitanidwe n'kutambasula manja ake okhakhala ndi ndowa. Chikoti cha chikopa chinalira, iye sanalire. A Dorvil sanamenye mwamphamvu, izi aliyense anaziona. Koma mawu otsatirawo anawanena monga mwa lamulo, poyamba m'Chifalansa, kenako m'Chikiliyo kuti amve bwino. Lolemba abwere ndi kholo, apo ayi asalowe m'kalasi. Kenako anamuvula fupa n'kulibwezera m'dirowa.

Poweruka Dieula anatsogola, manja atawapisa m'khwapa. Guerda anamutsata chapatali mpaka pamphambano, koma sanamupeze.

6. Pampopi

Loweruka ndi Lamulungu Guerda sanakhale pansi. Akayamba kusesa ankasiyira panjira, akatumidwa mafuta ankabwera ndi machesi. Amayi ake anamuveka diresi yoyera ija n'kumuzunguliza pamaso pa anansi, akuwauza kuti mwana uyu ndi amene adzawachotse pamsika. Anafunsanso za mnzake wa kumapiri uja, ngati ali ndi masokosi oyera oguba nawo, chifukwa panali ena akale a Guerda oti angamukwane. Guerda anati m'mimba mukumupweteka n'kukagona masanasana.

Kangapo konse anauyamba ulendo wopita kwa azakhali a Dieula, koma ankabwerera asanafike. Sankadziwa chimene akanene.

Lolemba m'mawa anamupeza pampopi wa pamphambano. Dieula anali pamzere wa ndowa, atavala diresi yakale ya azakhali ake, tsitsi lopanda maliboni, kamwana kakumukoka chovala. Guerda anamufunsa ngati azakhali abwera kusukulu. Dieula anapukusa mutu. Anati azakhaliwo sanakalipe n'komwe. Anangotenga yunifolomu n'kuipinda, kuti adzavale mwana wawo akakula. Lole yopita kumapiri inali kudzanyamuka Lachitatu, ndipo malo anali atamupezera kale pamwamba pa matumba.

"Lachitatu ndi Tsiku la Mbendera," anatero Guerda.

"Ndikudziwa. Lole imadikira kuti oguba adutse kaye. Ndidzakuona." Dieula anasunthira ndowa yake patsogolo. "Thamanga, belu lalira."

Guerda anathamanga, akulira njira yonse, ndipo pageti anapukuta nkhope ndi kolala.

M'kalasi theka la benchi lawo linali lopanda munthu. A Dorvil analiyang'ana kamodzi n'kupitiriza kulemba tsiku pabolodi. Fupa linali lisanapeze mwini, chifukwa ana onse anali atasoka pakamwa. Atatha kulemba, aphunzitsi anatenga mbendera pakona, yabuluu ndi yofiira, n'kuitana Guerda kuti atsogolere anzake kubwalo kukayeserera kuguba.

Guerda anapita kutsogolo n'kuilandira. Ana anaimirira, mabenchi akulira, koma iye sanasunthe. Aphunzitsi anamufunsa m'Chifalansa chimene akudikira. M'Chifalansa chonse chimene Guerda analoweza munalibe mawu onenera zimene anachita pansi pa mtengo wa mango.

"Aphunzitsi," anatero m'Chikiliyo, mokweza kuti pasakhale wokayika, "Dieula sabweranso. Lachitatu akumukweza lole kubwerera kumapiri. Sanalakwe. Ndinamutchera msampha ndine."

Wisnel anakhala pansi. A Dorvil anayang'ana Guerda, anayang'ana mbendera ili m'manja mwake, kenako anatsegula dirowa pang'onopang'ono n'kutulutsa fupa. Sanamuveke. Analiika patebulo pakati pa awiriwo n'kulipsinja ndi dzanja.

"Ena nonse tulukani," anatero. "Iwe yedzeka mbenderayo kukhoma. Wayamba kulankhula, ndiye ulankhule zonse, m'chilankhulo chimene wasankhacho. Tione ngati mawu ako angaimitse lole."